Intaneti Imene Inkachira Amisiri Akafika

Anamuchotsa ntchito chikolopa chikadali chonyowa m'manja.

Inu amene mukuwerenga izi mtima uli wolema, kaya mayeso akukanani, kaya ntchito yakutherani, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za mayi ameneyu. Anzake a kuntchito amamutchula kuti Nachikolopa. Dzinali analipeza patsogolo, koma tiyeni tiyambiretu kumutchula choncho.

Sukulu inamukanika. Mayeso omaliza a kusekondale analemba kawiri, kawiri konse dzina lake silinatuluke. Makolo onse anali atamwalira, ndiye panalibe womuuza kuti ayesenso kachitatu. Analowa ntchito ya m'nyumba, ndipo anaigwira zaka zisanu ndi zinayi: kuchapa, kusita, kukolopa, kupukuta mawindo. Ulesi analibe. Fumbi ankadana nalo ngati linamutukwanira amayi ake.

Khama lomwelo ndi limene linamugwetsa. Tsiku lina m'mawa, m'nyumba imene anali atagwiramo zaka zinayi, ananyamula kabokosi kakuda kamene kankakhala kuseri kwa TV, kaja ka timagetsi tophethiraphethira kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Amati rauta. Kumbuyo kwake anaona kabowo kakang'ono kodzaza litsiro. Anatenga phini n'kukolokosa bwinobwino mpaka mkati. Timagetsi tija tinazima tonse, kenako tinayakanso, iye n'kupitiriza ntchito yake akuimba.

Masana a tsikulo abwana ake aakazi, amene ankawatchula kuti Madamu, anasonkhanitsa anzawo pabalaza kuti aonere pa intaneti mwana wawo akulandira digiri kudziko lakutali. TV inakana. Mafoni onse anakana. Mwana analandira digiri yake amayi ake akungoyang'ana sikirini yopanda kanthu.

"Wagwira chiyani iwe?" anafunsa Madamu, alendo akumva.

"Ndimangochotsa fumbi, Madamu."

"Zinthu za anthu ophunzira zimenezi! Iwe sukulu unailekera pati? Tenga zako uzipita."

Anatuluka pageti ndi kachikwama kamodzi. Ntchito kutha imatha, zimenezo ankazidziwa. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti sankadziwa n'komwe chimene analakwa. Munthu ukadziwa tchimo lako umapepesa, umalonjeza kuti sudzabwereza. Nanga iye akanalonjeza chiyani?

Anakafikira kwa achimwene ake, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ankagona pamphasa pabalaza, m'mawa n'kuipinda msangamsanga eni nyumba asanatuluke. Anakhala choncho miyezi isanu. Achimwenewo sankayankhula zambiri, koma alamu ake anali a pakamwa pakuthwa ngakhale mtima unali wabwino. Iwowa ndi amene anabwera ndi uthenga tsiku lina.

"Alamu, ntchito yapezeka yokolopa. Koma musathawe: ndi kukampani ya intaneti. Poti inu ndi intaneti simumwerana madzi, mukakolope pansi pokha. Mabokosi awowo muzikawapatsa moni chapatali."

Kampaniyo inali yaing'ono, ya amisiri asanu ndi mmodzi, onse amuna. Ankalumikiza intaneti m'nyumba za anthu, ikavuta n'kukakonza. Kumeneko ndi kumene anamupatsa dzina lija, poti m'mawa uliwonse ankamupeza atawerama ndi chikolopa pakati pa zingwe ndi makwerero.

Pakona pa chipinda chogwiriramo ntchito panali katoni yodzaza marauta akale. Mwezi wathunthu ankaizungulira ngati muli njoka. Koma tsiku lina mtima unakana. Anatenga rauta imodzi n'kupita nayo kwa mmisiri wamkulu pa onse, bambo a imvi amene aliyense ankawatchula kuti Madala.

"Madala, pepani. Kabowo aka ndi ka chiyani?"

"Ako? Ukabaya pamenepo rauta imaiwala zonse zimene inauzidwa. Dzina lake, pasiwedi, zonse mbee. Imabwerera mmene inachokera kufakitale."

"Ndiye kuti yafa?"

"Kufa chiyani? Mphindi khumi zokha, munthu wodziwa waibwezera."

Mphindi khumi. Nachikolopa anaima chilili rauta ili m'manja. Ntchito ya zaka zinayi, manyazi aja pamaso pa alendo, miyezi isanu ya pamphasa, zonsezo chifukwa cha chinthu chokonzeka pa mphindi khumi. Analira pomwepo, koma sikunali kulira kwa chisoni. Unali ukali. Atapukuta misozi anati, "Madala, ndiphunzitseni mphindi khumi zimenezo."

Madala anamuphunzitsa, ndipo sanalekere pomwepo. Nthawi ya chakudya chamasana, anzawo akamakangana za mpira, awiriwa ankakhala pabenchi ndi kope. Madandaulo ambiri obwera kukampaniko anali amodzimodzi: vidiyo ikuimaima, pakati pa sikirini pakungozungulira kagudumu kaja kamene kapsetsa mitima anthu ambiri padziko lino.

"Vidiyo imabwera ngati madzi apampopi," Madala ankatero. "TV ili ndi kandowa kake. Imatunga kaye pang'ono, kenako n'kuyamba kukuonetsa. Ikamamwa msanga kuposa mmene madzi akulowera, kandowa kamauma, ndiye imaima kudikira. Kagudumu kaja ndi TV ikudikira pampopi. Ntchito yako ndi kupeza pamene madzi akuchepera."

Anamuphunzitsa kufufuza mwa dongosolo. Uyambe wayeza liwiro ndi chingwe, uone ngati intaneti ikufika bwino pakhomopo. Ikakhala kuti ikufika, uyeze waifai m'chipinda chimene muli TV, chifukwa makoma amadya mphamvu. Ufunse kuti ndi angati akugwiritsa ntchito nthawi imodzi, mwina wina akukopera mafilimu kuchipinda. Ukatero uione TV yeniyeniyo, mwina ndi yokalamba kapena ikufuna chithunzi chapamwamba kuposa mphamvu ya intaneti yawo. Nachikolopa ankalemba zonse, madzulo n'kumaziwerenga m'basi.

Musaganize kuti zinayenda ngati pamsewu wa tala. Mayeso a satifiketi ya umisiri analephera koyamba, chizungu cha m'mafunso chinamuzunguza mutu. Kachiwiri analephera pa zamanja: woyesa ataima kumbuyo kwake, tiwaya tisanu ndi titatu ta m'chingwe anatisokoneza mitundu. Anabwerera kunyumba n'kuponya kope lija pansi pa mpando.

Alamu ake analitola, n'kulipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje. "Mwalephera kawiri, inde. Kusekondale munalekeranso pa kawiri pomwepa. Ulendo uno tiyeni tikaone kuti kachitatu kamaoneka bwanji."

Kachitatu anakhoza. Zinamutengera zaka zitatu.

Bwana wa kampaniyo sanali munthu woipa, koma sankakhulupirira mapepala. Anamupatsa yunifolomu, chikwama cha zida, ndi miyezi itatu yomuyesa. Ananeneratu poyera kuti malo a mmisiri ndi amodzi, ndipo ofuna malowo alipo ena.

Apa ndinene chinthu chimodzi chimene mwini wake amavomereza yekha masiku ano. Atavala yunifolomu ija, anayamba kuchita manyazi ndi kumene anachokera. Akalowa m'nyumba ya kasitomala ankatsanzira amuna aja m'zonse: kuyankhula mwachidule, maso pa laputopu, kusaina fomu, kutuluka. Akaona wantchito wa m'nyumba akukolopa ankayang'ana kumbali, kuopa kuti angazindikirane. Zaka zisanu ndi zinayi zija anazikwirira, ndipo ankafuna kuti zisadzafukuke.

Miyezi inayenda bwino ndithu mpaka sabata yomaliza. Ndipo panali nyumba ina imene inali itaimitsa mitu kampani yonse.

Kwa miyezi iwiri, pafupifupi tsiku lililonse, foni ya muofesi inkalira cha m'ma teni koloko m'mawa. Anali mayi ena achikulire, aulemu kwambiri, odandaula kuti vidiyo ikuimaima. Amisiri anayi anapitako, Madala yemwe ali m'gulu. Anasintha rauta, anasintha chingwe chakunja. Aliyense ankabwerera ndi fomu yolembedwa kuti palibe vuto, chifukwa mmisiri akafika vidiyo inkayenda myaa. M'mawa mwake foni n'kuliranso. Anyamata muofesi ankaseka kuti intaneti ya kumeneko imaopa yunifolomu.

Lachitatu la sabata yomalizayo bwana anamuitana.

"Chemwali, nyumba ija yatikwana. Pitaniko inu. Mukaikonza, yunifolomuyo ndi yanu mpaka kalekale. Ikakukanikani, Lachisanu mundibwezere. Ntchito yanu yakale ija sindinalembepo munthu wina."

Nachikolopa anaimba foni kwa mayi aja kunena kuti akubwera, monga mwa lamulo la kampani, n'kukwera basi mtima uli m'mwamba.

Nyumbayo inali yaukhondo wochititsa kaso, pansi pakuwala, fungo la polishi lili guu. Mayi aja anamulandira ndi manja awiri n'kumuonetsa amuna awo. Bambowo anali pa njinga ya olumala. Anadwala sitiroko, mbali ya kumanzere inafooka, ndipo ankayankhula mokoka mawu. Kuchipatala anawapatsa mavidiyo a pa intaneti a masewera olimbitsa ziwalo, aja timati mafizo, oti azitsatira m'mawa uliwonse pa TV ya kuchipinda kwawo, kumapeto kwa kolido.

"Mwana wanga, vuto ndi ili," anafotokoza mayiwo. "Mphunzitsi wa pa vidiyoyo akangoti kwezani mkono, chithunzi chimauma. Ndiye abambo akowa anali ahedi a sukulu, lamulo salidumpha. Amakhala mkono uli m'mwamba kudikira kuti awauze kutsitsa."

"Dzulo," anatero bambowo pang'onopang'ono, "mphindi... zisanu."

Onse anaseka, koma mayiwo atamuperekeza pabalaza anatsitsa mawu. "Tikusekatu, koma ayamba kukana. Akuti zikungowatopetsa. Adokotala akuti akasiya panopa mkonowo uuma."

Rauta inali patebulo pabalaza, pansalu yoyera, moyang'anizana ndi khomo la kolido. Malo abwino kwambiri, ngakhale buku likanavomereza. Nachikolopa anachita zonse zimene anaphunzira. Liwiro la pachingwe linali labwino. Waifai kuchipinda inali yokwanira. M'nyumbamo munali mafoni awiri okha. Anazimitsa rauta n'kuyatsanso, anaona kuti mapulogalamu a TV ndi atsopano, anatsitsako ukulu wa chithunzi kuti TV isamafune zambiri. Anayatsa vidiyo, ndipo inayenda mphindi makumi awiri osadukiza ngakhale kamodzi.

Anamwa tiyi amene anamukonzera, analemba pafomu zimene analemba anzake anayi aja, n'kutsanzika.

Lachinayi, teni koloko itangopitirira, foni ya muofesi inalira. Bwana anamvetsera, anapepesa, n'kuika foni pansi. Anangomuyang'ana.

Nachikolopa anakalowa m'kachipinda kosungiramo matsache n'kukhala pandowa yovundikira. Kunena zoona anali atagonja. Ankaganiza za mmene adzalowere Lolemba ndi chikolopa pamaso pa anthu amene anamuona atavala yunifolomu. Madala anamupeza momwemo.

"Unaonako chiyani kumene kuja?"

Anayamba kutchula manambala a liwiro. Madala anamudula.

"Zimenezo ndinaziona ine, anazionanso anzako atatu. Ife tinakulira pamakwerero, nyumba timaidziwira kudenga. Iwe wakhala m'nyumba za anthu zaka zisanu ndi zinayi. Maso amenewo unawasiya kuti?"

Mawuwo anamubaya. Poyamba anaganiza kuti nawonso akumunyoza, akumukumbutsa kuti ndi wantchito wa m'nyumba basi. Ananyamula chikwama, anapempha bwana kuti apitekonso komaliza, anaimba foni kwa mayi aja, n'kutuluka nkhope ili gwaa.

M'basi ukali unayamba kutsika, ndipo m'malo mwake munabwera fungo lija la polishi. Ndani amapaka polishi Lachitatu m'mawa, wodwala ali m'nyumba? Amapaka ndi munthu amene akuyembekeza mlendo. Iye mwini anachita zimenezo kosawerengeka. Foni ikangolira kuti kukubwera anthu, nyumba inkatembenuka: nsapato kulowa pansi pa bedi, makapu abwino kutuluka m'kabati, mipando kusuntha. Nyumba imene mlendo amaiona si nyumba imene eni ake amakhalamo. Ndipo amisiri onse asanu, iye yemwe, ankaimba foni asanapite.

Atafika anapezanso pansi pakuwala, rauta ili patebulo pansalu yoyera. Ulendo uno sanatsegule chikwama. Anainyamula rautayo n'kuyang'ana pansi pake. Nsaluyo inali yosalala, mizere ya simbi ikuonekabe. Chinthu chofunda chikakhala pansalu miyezi iwiri chimasiya chizindikiro, timiyendo take timadinda, m'mbali mwake mumatsala kamzere ka fumbi ngakhale mwini nyumba akhale waukhondo chotani. Apa panalibe chilichonse. Rauta imeneyi inali itafika patebulopo m'mawa womwewo.

Anatsatira chingwe chake ndi zala. Chapakati chinali chophwatalala, ngati chimene chimapanidwa ndi chitseko tsiku ndi tsiku. Chinkachokera pakhoma, pambali pa kabati yaikulu yachitsulo, ija yosungiramo mafailo, imene inaima pakona atayala kansalu pamwamba.

Tsopano anadziwa. Koma kudziwa ndi kwina, kufunsa ndi kwina. Mayi ngati amenewa sungawaloze chala m'nyumba mwawo. Anakhala pansi, anapuma, ndipo ananena chinthu chimene anali asananenepo chivalire yunifolomu.

"Mayi, nsalu iyi mwasita bwino. Ndikudziwa chifukwa ine ndagwira ntchito ya m'nyumba zaka zisanu ndi zinayi."

"Iwe? Ayi!"

"Eya. Ndiye ndikudziwa kuti kukamabwera mlendo, zina timabisa, zina timatulutsa. Ndiuzeni mayi, kabokosi aka kamagona pati ife tikachoka?"

Mayiwo anaseka ngati wawafunsa chinthu chosafunika. "M'kabatimo. Mukaimba foni ndimakatulutsa. Nanga ndingasiye amisiri azigwada m'kabati ngati akusaka mphemvu? Ulemu uli pati pamenepo?"

"Chifukwa chiyani mumakaika m'menemo?"

Kuseka kuja kunatha. Anafotokoza kuti amuna awo atangotuluka m'chipatala, chingwe chinakola tayala la njinga yawo, njingayo inapendekeka, bambowo n'kugwa chammbali. Kuwadzutsa okha inali nkhondo. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti pansi sipadzakhalanso chingwe. Anaika rauta m'kabati, n'kumatseka chitseko.

"Anzako aja anandifunsa za mafoni, za mtundu wa TV, za chaka chimene tinaigula," anatero mayiwo. "Za pamene kamakhala palibe anafunsa. Komanso mphepo yakeyo si imadutsa makoma? Ingalephere kabati?"

Nachikolopa sanatsutse. Anawapempha kuti abwezere rauta pamalo ake a masiku onse, atseke chitseko monga amachitira. Onse atatu anapita kuchipinda n'kuyatsa vidiyo. Sipanathe mphindi, mphunzitsi uja anauma pakamwa pali yasa, kagudumu kali zungulire zungulire. Nachikolopa anathamangira pabalaza, anatsegula kabati, anatulutsa rauta. Asanabwerere n'komwe anamva mphunzitsi akupitiriza kuwerenga.

"Khoma la njerwa limadyako mphamvu pang'ono," anafotokoza, "koma chitsulo chimaitsekera mkati. Imene imatulukira m'mphepete mwa chitseko imakwanira uthenga wa pafoni. Vidiyo imafuna yambiri."

Mayi aja anakhala pabedi, dzanja lili pakamwa.

"Ndiye kuti ndine?" anatero mayiwo. "Miyezi iwiri yonseyi bambowa akuvutika, mkono ukuuma, ndine ndimatseka?"

Nachikolopa anamva chisoni chachikulu. Ululu wa munthu amene walakwitsa pofuna kuchita bwino ankaudziwa. Anagwada pafupi nawo n'kuwagwira dzanja.

"Mayi, inu munkateteza abambo kuti asagwenso. Mlandu ndi wathu. Tabwera kasanu, tamwa tiyi wanu kasanu, osafunsa funso limodzi."

Bambowo anasuntha njinga ndi dzanja lawo labwino mpaka anayandikira akazi awo. Anavutika kutulutsa mawu, koma anawatulutsa.

"Amayi a ana... musalire. Kabatiyo... ndi yanga. Munandiuza kalekale... kuti ndiitaye."

Mayiwo anaseka misozi ili m'masaya. "Mwamva? Zaka khumi ndikunena!"

Ntchito yotsalayo inali yopepuka. Nachikolopa anaboola khoma m'kolido n'kukhomerera rauta m'mwamba, pamene tayala silingafike. Chingwe chophwatalala chija anachichotsa, chatsopano anachiyendetsa pamwamba pa zitseko ndi timisomali tapulasitiki. Anakokanso chingwe china kuchokera pa rauta mpaka kumbuyo kwa TV, kuti vidiyo ya bambowo isamadalirenso waifai. Atamaliza anapempha tsache kuti asese fumbi la pakhoma. Mayiwo anakana kuti mlendo sasesa, iye anati uyu ndi mlendo wodziwa tsache, ndipo anakanganirana mpaka anagawana: wina tsache, wina chowolera.

Sanachoke msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakhala pampando mpaka bambowo atsatire vidiyo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mkono wofooka uja unkakwera monjenjemera, mphunzitsi akati tsitsani n'kutsika. Pomaliza bambowo anali thukuta kamukamu, koma anapempha kuti awayatsire yachiwiri.

Lachisanu m'mawa Nachikolopa anabwera ndi zovala zake zina m'jumbo, kuchitira kuti mwina yunifolomu aibweza. Anali atakonzadi, koma anzake anayi aja nawonso ankabwerera akukhulupirira kuti zonse zili bwino. Woweruza weniweni anali foni ya patebulo la bwana.

Teni koloko inakwana. Amisiri amene ankayenera kukhala atanyamuka kale ankangozengereza, wina akumanga chingwe chomangidwa kale, wina akupukuta makwerero. Hafu pasiti teni, foni ili chete. Leveni koloko, ili chetebe. Madala anatsokomola n'kunena kuti mwina foniyo yafa, wina aiyese. Mmodzi anaimba ndi foni yake yam'manja, ya patebulo ija n'kulira mokweza mpaka onse anadzidzimuka, kenako chikhakhali.

Bwana yekha sanaseke. Ankawerenga fomu ya Nachikolopa, ndipo anaiwerenga kawiri.

"Munadziwa bwanji kuti rauta sikhala patebulopo?"

"Nsalu inalibe chizindikiro, bwana."

"Nsalu?"

"Eya bwana. Ndinasitapo nsalu zambiri."

Bwana anatenga mulu wa mafomu osalemba, anatsegula cholembera, ndipo pamwamba pa fomu yoyamba analemba ndi dzanja lake funso latsopano: Kodi rauta imakhala pomwepa masiku onse? Anaupereka muluwo kwa Madala kuti aliyense akopere funsolo pa mafomu ake asanatuluke. Amuna asanu ndi mmodzi, ena a zaka makumi awiri pa ntchitoyo, anawerama patebulo kulemba funso la Nachikolopa.

"Inu chemwali," anatero bwana osadzutsa mutu, "Lolemba muli ndi nyumba zitatu. Musachedwe."

Nachikolopa anatuluka panja, anakhala pa sitepe, ndipo analira mpaka mapewa kugwedera. Ulendo uno chinali chimwemwe.

Tsono ndibwerere kwa inu. Mwina pali zaka zina m'moyo wanu zimene simuzitchula pagulu: zaka za pamsika, za ulonda, za kulera ana a eni, za kusamalira wodwala anzanu akupita patsogolo. Mumaziona ngati zinatayika. Ine ndikuti sizinatayike. Zinakuphunzitsani kuona zinthu zimene ena, ndi mapepala awo onse, amazidutsa. Phunzirani zatsopano, inde, limbanani nazo mpaka zilowe, mukagwa mudzuke mulembenso. Koma pokalowa pakhomo latsopanolo musasiye panja munthu amene munali, chifukwa tsiku lina ndi yemweyo adzakupulumutseni.

Musadzinyoze, ndipo musataye mtima. Mawa m'mawa dzukani mukayesenso.